Mmene mungalowere ntchito yopanga zamagetsi za pa dashibodi ya galimoto: yambani ndi bolodi imodzi

Ambiri amene amafunsira ntchito yopanga zamagetsi za infotainment, chipangizo chija cha pa dashibodi chimene chimaliza nyimbo, kuonetsa mapu, kulumikizana ndi foni komanso kuonetsa za kumbuyo mukaika livesi, amagwera m'dzenje limodzi. Digiri ali nayo. Kabolodi kamene anapanga ali kusukulu ali nako, ndipo patebulo kamagwira ntchito bwinobwino. Koma wofunsa mafunso akangoti, "Nanga batire likatsika kufika pa mavolti 6 pamene munthu akuliza injini, bolodi yanuyi ichita chiyani?", kukamwa kumauma. Wofunsayo amafuna kuona ngati munayamba mwaganizirapo kuti magetsi a m'galimoto ndi ankhanza, kuti m'dashibodi mumatentha koopsa, ndiponso kuti chipangizocho chiyenera kutha zaka khumi kapena kuposerapo osadandaulitsa mwini wake.

Malangizo awa ndi a ntchito imodzi: kupanga bolodi yaing'ono yolandira magetsi a galimoto, yomva mauthenga a pa CAN (mawaya amene zipangizo za m'galimoto zimalankhulirana), yodziwa kugona ndi kudzuka, kenako kuiyesa ndi kulemba zimene mwapeza. Bolodi imeneyo ndi lipoti lake ndi zimene mudzalowe nazo m'chipinda cha mafunso.

## Zofunika kukhala nazo

- Digiri kapena dipuloma ya uinjiniya wa zamagetsi, kapena mukhale muli m'kati moiphunzira. Makampani akuluakulu kawirikawiri amayamba ayang'ana pepala limeneli.
- Kompyuta yokhala ndi KiCad yojambulira bolodi, ndi LTspice yoyesera circuit musanaipange. Mapulogalamu onse awiriwa ndi aulere.
- Power supply ya patebulo yoti mutha kusintha mavolti kuyambira 0 mpaka 30 ndi kuika malire a current.
- Multimeter yotha kuyeza mpaka ma microamp.
- Oscilloscope, ngakhale ya ma channel awiri okha, ya 100 MHz.
- Chowotcherera, mtovu wake, flux, ndi galasi lokuzira zinthu.
- Kachipangizo kolumikiza CAN ku USB, ndi Linux yokhala ndi candump, pulogalamu yoonetsa mauthenga a pa CAN.
- Kawailesi ka m'manja kogwira AM. Musakaseke, ntchito yake muiona pa sitepe 5.
- Head unit (chipangizo cha infotainment chija) yakale, yakufa kale, yoti muiphwasule popanda chisoni.
- Kope lolembamo chilichonse chimene mwayeza, ndi tsiku lake.

## Sitepe 1: Phwasulani head unit yakale

Tsegulani bokosilo, muike bolodi pansi pa nyali, muwerenge manambala a pa chip iliyonse ndi kusaka datasheet yake. Pansi pa chitsulo chochotsa kutentha mupeza chip yaikulu imene ili ngati ubongo wa chipangizocho, SoC, yomwe m'zipangizo za masiku ano imakhala ya mtundu wa Qualcomm Snapdragon, NXP i.MX kapena Renesas R-Car, ndipo pambali pake pamakhala memory. Chapatali pang'ono pali microcontroller yaing'ono. Imeneyo ndiye mlonda wa nyumba: zina zonse zikagona, ndi mbali yake imene imadikira uthenga wa pa CAN n'kudzutsa SoC. Mupezanso tuner ya wailesi m'kabokosi kachitsulo, amplifier ya masipika, ndi chip ya Bluetooth. Pomaliza yang'anani pafupi ndi pulagi yaikulu pamene mawaya a galimoto amalowera. Diode yonenepa, inductor ndi ma capacitor akuluakulu amene ali pamenepo ndiwo phunziro lanu lenileni.

Jambulani m'kope chithunzi cha mabokosi osonyeza kumene magetsi akulowera, kumene akugawanika, ndi chip imene ikulankhula ndi inzake.

Chenjezo: ambiri amathamangira SoC chifukwa ndi yotchuka. Munthu woyamba kumene ntchito sapatsidwa SoC kawirikawiri. Amapatsidwa za magetsi, ma interface ang'onoang'ono ndi kuyesa mabolodi, choncho yambirani kumeneko.

## Sitepe 2: Lembani zimene bolodi iyenera kupirira

Musanajambule ngakhale mzere umodzi, lembani tsamba la zofunika. Apa ndiye pagona ntchito yonse, chifukwa "mavolti 12" a galimoto ndi dzina chabe.

Injini ikamayenda, alternator imakweza mphamvu kufika pafupifupi mavolti 14, ndipo opanga magalimoto ambiri amafuna kuti chipangizo chigwire ntchito zake zonse pakati pa 9 ndi 16. Poliza injini, sitata imakoka current yambiri moti mphamvu imagwa kufika pa 6, ndipo pa mayeso oopsa kwambiri a mu muyezo wa ISO 16750-2 imafika pa 3 kwa kanthawi kochepa. Magalimoto amene amazimitsa okha injini pamaloboti n'kuilizanso amachita zimenezi kambirimbiri pa ulendo umodzi, ndipo palibe dalaivala amene angalole kuti nyimbo zizidukiza kapena sikirini izizima nthawi iliyonse.

Mphamvu ikakwera kwambiri palinso zoopsa. Waya wa batire ukamasuka alternator ili m'kati motchaja, mphamvu imalumpha. Zimenezi amazitcha load dump. Pa alternator yopanda chotetezera zimatha kufika pafupifupi mavolti 100 kwa ma millisecond ofika 400, pamene m'magalimoto amene chotetezeracho chilimo zimathera cha m'ma 35. Wina adzajampa galimoto ndi mavolti 24, ndipo mayeso ake amatenga masekondi 60. Wina adzatembenuza mawaya a batire, ndipo pamayeso bolodi imapatsidwa mavolti 14 motembenuza kwa masekondi 60 omwewo. ISO 7637-2 imaonjezerapo timikwingwirima tachidule tochokera ku ma motor ndi ma relay, tina totsika mpaka -150 V.

Lembaninso kutentha: kuyambira -40°C mpaka +85°C ndi muyeso wofala pa zipangizo za m'kati mwa galimoto. Lembani current imene bolodi ikoke galimoto itazimitsidwa. Nthawi zambiri malire amaikidwa cha pa ma microamp 100, kuti galimoto yoimikidwa masabata angapo idzalirebe. Dziwaninso maina a mawaya ochokera ku muyezo wa ku Germany wa DIN 72552: KL30 ndi magetsi a batire osazima, KL15 ndi amene amabwera mukapotoza kiyi, KL31 ndi ground. Maina amenewa mudzawamva tsiku lililonse pa ntchito.

Chenjezo: musalembe mawu ngati "ikhale yolimba". Chofunika chilichonse chikhale ndi nambala yoti ingayezedwe.

## Sitepe 3: Jambulani khomo la magetsi

Dongosolo lake ndi ili: fyuzi, TVS diode yometa mphamvu yolumpha, chotetezera mawaya akatembenuzidwa, filter, kenako buck converter yotsitsa mphamvu kufika pa mavolti 5 kapena 3.3.

Posankha TVS ndi pamene ambiri amapunthwa. Iyenera kukhala phee pa mavolti 24 a kujampa aja, apo ayi ipsa isanathe mphindi imodzi. Koma load dump ikabwera iyenera kumeta mphamvuyo pansi pa malire a buck converter yanu, amene pa ma chip ambiri a magalimoto ali cha m'ma 40 kapena 60. Mpata wa pakati pa manambala awiriwa ndi wochepa, ndipo muyenera kuonetsa masamu a mmene munasankhira.

Pa kutembenuka kwa mawaya, diode wamba ndi yosavuta, koma imadya pafupifupi theka la volti. Pa ma amp 5, amenewo ndi ma watt 2.5 ongosanduka kutentha, ndipo pamene batire latsika kale kufika pa 3, theka la volti ndi chuma. N'chifukwa chake ambiri amagwiritsa ntchito P-channel MOSFET kapena ideal diode controller. Kumbukiraninso kuti buck singatulutse mavolti 5 kuchokera pa 3. Ngati tsamba lanu likunena kuti bolodi isazime poliza injini, mufunika boost yokweza mphamvu patsogolo pake kapena buck-boost.

Yesani zonsezi mu LTspice. M'laibulale yake muli kale magwero a ISO 16750-2 ndi ISO 7637-2, choncho simukufunika kujambula mafundewo pamanja. Mukatero bwerezani masamu mutatenga resistor iliyonse pamapeto pa tolerance yake ndi kutentha pamapeto pake. Pa ntchito amati worst-case analysis, ndipo ndi imodzi mwa ntchito zoyamba zimene woyamba kumene amapatsidwa.

## Sitepe 4: Sankhani zipangizo ngati munthu wa zamagalimoto

Pa datasheet iliyonse sakani chilembo cha AEC, chosonyeza kuti chipangizocho chinakhoza mayeso a zamagalimoto. AEC-Q100 ndi ya ma chip, AEC-Q101 ndi ya ma diode ndi ma transistor, AEC-Q200 ndi ya ma resistor, ma capacitor ndi ma inductor. Mu AEC-Q100, Grade 3 imafika +85°C, Grade 2 imafika +105°C, Grade 1 imafika +125°C. Popeza m'kati mwa bokosi mumatentha kuposa kunja kwake, Grade 3 nthawi zambiri siikwanira ngakhale tsamba lanu likunena +85°C.

Ma capacitor a ceramic ali ndi misampha iwiri. Woyamba: mukawapatsa mavolti a DC, mphamvu yawo yosunga magetsi imatsika, nthawi zina kupitirira theka. Capacitor yolembedwa 10 µF ikhoza kukhala ikugwira ntchito ngati ya 4 kapena 5, choncho onani graph ya DC bias. Wachiwiri: bolodi ikapindika, ceramic imang'aluka n'kupanga short. Pa waya wa KL30, pamene batire lonse lili kumbuyo kwake usana ndi usiku, zimenezo ndi moto. Mainjiniya amaika awiri mondondozana, wina atapingasa mnzake, kapena amasankha a flexible termination. Ma capacitor a electrolytic nawo amafooka kukazizira kwambiri chifukwa ESR, resistance ya m'kati mwawo, imakwera.

Pa chipangizo chilichonse chofunika lembaninso china chimene chingalowe m'malo mwake. Mu 2021 mafakitale ambiri a magalimoto anaima chifukwa cha kusowa kwa ma chip, ndipo kuyambira pamenepo funso la cholowa m'malo silisowa.

## Sitepe 5: Yalani bolodi moganizira phokoso

Gwiritsani ntchito ma layer anayi, ndipo layer yachiwiri ikhale ground yathunthu yosadulidwadulidwa. Pa buck converter, capacitor ya polowera ikhale pafupi zedi ndi miyendo ya chip, kuti bwalo limene current yothamanga imazungulira likhale laling'ono momwe mungathere. Tsatirani chitsanzo cha m'datasheet. Pano si pochitira luso lanulanu.

Chifukwa chake n'chakuti m'bokosi lomwelo muli wailesi. Wochita phokoso ndi womva phokoso amagona nyumba imodzi. AM imagwira pakati pa 530 ndi 1700 kHz mongoyerekeza, n'chifukwa chake ma buck converter ambiri a magalimoto amathamanga pa 2.1 kapena 2.2 MHz, pamwamba pa AM. FM ili pa 87.5 mpaka 108 MHz, ndipo m'mbali zakuthwa za switching zimafika kumeneko ngati bwalo lija lakula. Malire a phokoso lotuluka ali mu CISPR 25, a kupirira phokoso lochokera kunja ali mu ISO 11452, ndipo a ESD, kuthetheka kwa magetsi a static, ali mu ISO 10605.

Mayeso enieni amafuna chipinda chapadera, koma kawailesi kanu ka AM kakuuzani zambiri. Kaikeni pamalo opanda siteshoni, muyatse bolodi, mukayandikitse pang'onopang'ono. Kakayamba kufwenthera, sunthani mpaka mupeze pamene phokoso lakula. Sinthani chinthu chimodzi, mumvetserenso, mulembe.

Chenjezo: ikani ma test point pa mzere uliwonse wa magetsi ndi pa CAN. Mukaiwala, mudzagwira probe ndi dzanja lonjenjemera pa mwendo wa chip, ndipo tsiku lina idzatsetsereka.

## Sitepe 6: Onjezani CAN, kugona ndi kudzuka

CAN, imene Bosch anaionetsa koyamba mu 1986, idakali njira imene head unit imadziwira kuti kiyi wapotozedwa, livesi yalowa kapena batani la pa chiwongolero ladinidwa. Ikani microcontroller yokhala ndi CAN, monga ina mwa za STM32, pamodzi ndi transceiver yodziwa kugona monga TJA1043 ya NXP. Mwendo wake wa INH umatha kuyatsa regulator uthenga ukafika, moti bolodi yonse imakhala yozima kupatula kachigawo kakang'ono kodikira. Mukalumikiza INH ku enable ya buck yanu, mwapanga kale zimene head unit yeniyeni imachita.

Mzere wa CAN umafuna resistor ya ma ohm 120 kumapeto konse kuwiri. Mukazimitsa magetsi n'kuyeza pakati pa CAN-H ndi CAN-L muyenera kupeza pafupifupi 60. Mukapeza 120, mbali imodzi ikusowa. Yambani pa 500 kbit/s, liwiro lofala m'magalimoto, mutumize mauthenga kuchokera pa kompyuta.

Chenjezo: ngati mukufuna kuona za galimoto yeniyeni, pa pulagi ya OBD-II, imene amakaniko amalumikizapo kompyuta yofufuzira mavuto, CAN-H ili pa pini 6 ndipo CAN-L pa pini 14. Ikani chipangizo chanu pa listen-only, galimoto ili yoima. Musatumize uthenga uliwonse. Pa mawaya amenewo pamadutsa za injini ndi mabuleki. M'magalimoto atsopano gateway, chipangizo chosefa mauthenga, imatchinga, choncho musadabwe mukapeza kuli zii.

## Sitepe 7: Yatsani koyamba mosamala

Bolodi ikabwera ndipo mwawotcherera zonse, musathamangire kuyatsa. Yezani kaye ngati pali short pakati pa mzere uliwonse wa magetsi ndi ground. Ikani malire a current pa ma milliamp 50, muyambe pa mavolti ochepa, mukweze pang'onopang'ono maso ali pa current. Ikalumpha, zimitsani. Zikayenda bwino, yezani mzere uliwonse motsatana, kenako clock, kenako reset, pulogalamu pomaliza.

Poyeza ripple, kagwedegwede kakang'ono ka mavolti, chotsani waya wautali wa ground wa pa probe, mugwiritse ntchito kasipuling'i kakafupi kaja kamene ambiri amakataya ndi bokosi. Waya wautali umatola phokoso la mumpweya, ndipo mukhoza kutha masiku awiri mukulimbana ndi vuto limene kulibe.

## Sitepe 8: Iyeseni ngati mukufuna kuipha, ndipo lembani

Bwererani ku tsamba la pa sitepe 2, mudutse mzere ndi mzere. Tsitsani mphamvu kuchoka pa 16 mpaka bolodi ichite reset, mulembe nambala, kenako mukweze muone ngati ikudzuka yokha. Bolodi imene imakakamira pakati, yosazima komanso yosayaka, ndi vuto lodziwika bwino m'zipangizo za magalimoto. Tembenuzani mawaya kwa masekondi 60. Ipatseni 24 kwa masekondi 60, chala chili pafupi ndi TVS. Yezani current ya pogona. Ikakhala ma milliamp m'malo mwa ma microamp, sakani wakuba: kawirikawiri amakhala resistor divider yolumikizidwa ku batire mwachindunji, kapena LED imene munaiwala. Ikani bolodi m'thumba lotseka bwino, muisiye mu firiza, muiyatse ikadali yozizira. Itenthetseninso, mubwereze.

Load dump yeniyeni simungaipange kunyumba bwinobwino, ndipo musayese. M'lipoti nenani poyera kuti gawo limenelo munaliyesa mu LTspice mokha.

Lipotilo likhale la masamba ochepa: zofunika, schematic, zithunzi za pa oscilloscope, ndi tebulo losonyeza chimene chakhoza ndi chimene chalephera. Zolephera musabise. Tsamba lofotokoza vuto limene munapeza, mmene munafufuzira gwero lake, ndi chimene munasintha pa bolodi yachiwiri, ndi limene ofunsa mafunso amaima nalo nthawi yaitali. Ntchito yeniyeni imayenda chimodzimodzi: mabolodi oyeserera otsatizana otchedwa A-sample, B-sample ndi C-sample, mayeso a DV otsimikiza kapangidwe, a PV otsimikiza zochokera pa mzere wa fakitale, ndi DFMEA yolembamo njira zonse zimene chipangizo chingafere.

## Sitepe 9: Phunzirani za mizere yothamanga

Bolodi yanu ilibe sikirini, koma muyenera kutha kulankhulapo. USB imafuna mizere iwiri ya ma ohm 90. Ethernet ya m'galimoto, 100BASE-T1, imayenda pa mawaya awiri okha opotana a ma ohm 100. Zithunzi za ku sikirini ndi zochokera ku kamera zimadutsa pa FPD-Link ya Texas Instruments kapena GMSL imene tsopano ili m'manja mwa Analog Devices, omwenso anapanga A2B ya mawu. Werengani ma application note awo, ndipo ngati n'kotheka onjezani USB pa bolodi yachiwiri kuti muzolowere kuwerengera impedance.

Dziwaninso pang'ono za ISO 26262, muyezo wa chitetezo cha zamagetsi za m'galimoto. Nyimbo ndi mapu nthawi zambiri zimakhala pa mlingo wa QM, wa zinthu zosafuna malamulo apadera a chitetezo, koma kamera ya kumbuyo ndi nyali zochenjeza zimakhudza chitetezo. Ku United States lamulo la FMVSS 111 likufuna kamera ya kumbuyo pa magalimoto ang'onoang'ono atsopano kuyambira 2018, ndipo chithunzi chiyenera kuoneka pasanathe masekondi awiri livesi italowa. Android Automotive kapena Linux zimatenga nthawi yoposa pamenepo kuti zidzuke zonse, choncho opanga amakonza njira yachidule yoti chithunzicho chifike msanga.

## Sitepe 10: Funsirani pamalo oyenera

Ma head unit ambiri sapangidwa ndi kampani imene dzina lake lili pa galimoto. Amapangidwa ndi makampani otchedwa Tier 1 monga Bosch, Harman, Panasonic, Denso, Visteon, LG Electronics ndi Alpine. Khomo lina ndi la opanga ma chip, amene amalemba ma application engineer othandiza makasitomala, ndipo lina ndi la malabu oyesa EMC, kutanthauza za phokoso la magetsi lija. Posaka musalembe hardware design engineer mokha. Yesaninso validation engineer, test engineer ndi EMC engineer. Ine ndimaona kuti chaka chimodzi kapena ziwiri mukuyesa mabolodi a ena zimaphunzitsa msanga kuposa kujambula, chifukwa mumaona ndi maso mmene zinthu zimafera.

Pa CV ikani bolodi yanu pamwamba, ndi manambala: mavolti amene imapirira, current ya pogona, vuto limene munakonza. Pa tsiku la mafunso nyamulani bolodiyo ndi lipoti, ndipo konzekerani kujambula khomo la magetsi ndi cholembera popanda kuonera. KiCad siikuchititsani manyazi ngakhale makampani amagwiritsa ntchito Altium, Cadence Allegro kapena Xpedition. Pulogalamu amakuphunzitsani m'masabata ochepa.

## Zolakwa zofala

Kulumikiza ma module ogula kale n'kumati mwapanga bolodi. Funso lachiwiri limakuululani, chifukwa simudziwa chifukwa chimene inductor ili ya kukula kumeneko.

Kutchula ISO 26262 kapena CISPR 25 pa CV musanagwirepo. Lembani kuti munawerenga, kapena kuti munayesa mongoyerekeza. Amene akufunsayo mwina wakhala masabata m'chipinda cha EMC, ndipo adzakufunsani za kutalika kwa mawaya a pa tebulo loyesera.

Kukhulupirira manambala a typical a m'datasheet. Pa magalimoto mazana a zikwi, chipangizo cha pamapeto pa malire chidzapezeka ndithu, choncho werengerani ndi minimum ndi maximum.

Kuyesa bolodi pa kutentha kwa m'chipinda mokha, pa mavolti 12 enieni, n'kulemba kuti yakhoza.

Kuiwala za kugona. Bolodi yogwira ntchito zonse bwino koma yokoka ma milliamp 20 itazimitsidwa imamwa pafupifupi theka la amp-hour patsiku, ndipo mukaonjezera zipangizo zina zonse za m'galimoto, batire silichedwa kuphwa.

Kunyoza pulogalamu. Simukufunika kukhala katswiri wa Android, koma muyenera kutha kulemba C yoyatsa pini, kuwerenga register pa I2C, ndi kumvetsa mauthenga a Linux ikamadzuka. Bolodi ikakana kuyaka usiku woti mawa ipite kwa kasitomala, inu ndi wa pulogalamu mudzakhala pa tebulo limodzi, ndipo woyamba kufunsidwa ngati magetsi onse afika pa nthawi yake adzakhala inuyo.